Lipoti la ulendo wa ku New Abbey, ndi zoona zake za kula bokosi ija

Abale ndi alongo, a Tcheya andikakamiza kuti ndilembe lipotili la ulendo wathu wokaona manda a mayi wina wakale ku New Abbey, ku Scotland, tisanayambe kunamizirana, poti nkhani ya kula bokosi (cooler box) ya ndiwo zathu ndaimva kale mitundu itatu ndipo iwiri mwa iyo ndi bodza lamkunkhuniza. Yanga ndi iyi, wotsutsa akalembe yake.

Tinapangana zonyamuka pa Glasgow 8 koloko. Tinanyamuka 9:40. Sinditchula dzina koma amene anafika tsitsi atangoluka mbali imodzi akudzidziwa okha. Tinalipo 14 mu minibasi, ena anayi mu galimoto ya a Malume aku Paisley. Pa M74 zinali bwinobwino, kwaya inayimba mpaka mawu kusasa, titakhotera ku Dumfries a Dalaivala anati anthu akhale chete kaye amve zomwe foni ikunena, ngati kuti ikalankhula amaimvera.

Ku Dumfries tinayima pa mtsinje wa Nith kujambulitsa pa mlatho wakale wa miyala yofiira uja umatchedwa Devorgilla Bridge, dzina la mayi yemwe tinkakaona manda akeyo. Apo ndi pamene a Mayi a komiti ya zakudya anatsegula kumbuyo kwa minibasi nkungoti "mayo ine". Nsima yonse ilipo, mitanda 40 m'mafudi wama, yotentha bwino. Koma kula bokosi ya ndiwo, nkhuku, nyemba, ndi masamba otendera omwe anthu anadzukira 4 koloko, kulibe. A Dalaivala akuti amayesa ili kwa a Malume, a Malume akuti amayesa ili mu minibasi, pomwe iyo ili phee pakhomo la holo ku Glasgow. Ine ndinaona ndi maso angawa kuti womaliza kuikhalira pomanga nsapato anali a Vaisi. Ndanena.

Tinapitirira choncho mitima ili pa nkhuku. New Abbey ndi kamudzi kakang'ono kumwera kwa Dumfries, mphindi zochepa pagalimoto, pansi pa phiri la Criffel. Sweetheart Abbey, nyumba yakale ya amonke yomwe tinapitira, imangokutulukira, zipupa zazitali zofiira, denga palibe, mawindo akuluakulu ongoonekera mitambo. Olo amene amanena kuti tawononga ndalama kukaona bwinja anakhala kaye duu.

Mwana wathu wa ku yunivesite uja ndi amene anatifotokozera, ndipo makolo ake anyade ndithu. Mayiyu dzina lake Dervorguilla, koma pofika masana tonse tinkangoti Mai Devo. Bambo ake anali Alan, mwini dziko la Galloway, mayi ake Margaret, mwana woyamba wa David wa ku Huntingdon amene anali mng'ono wake wa William the Lion, mfumu ya ku Scotland. Anakwatiwa ndi John de Balliol wa ku Barnard Castle ku England. Mwamunayo atamwalira mu 1268, mayiyu anauza anthu achotse mtima wake, auumitse ndi mankhwala, nkuuika m'kabokosi ka minyanga ya njovu ndi siliva komwe ankayenda nako. Mu 1273 anamangitsa nyumba ya amonke a Cistercian imeneyi pokumbukira mwamunayo, mu 1282 anakhazikitsa malamulo a Balliol College ya ku Oxford, ndipo atamwalira mu Januwale 1290 anaikidwa momwemo limodzi ndi mtima uja. Amonke ndi omwe anatcha malowa Dulce Cor, kutanthauza mtima wokoma. Zophunzira ndi zimenezo, a Tcheya musadzati sindinalembe.

Tsopano zenizeni. Mwana uja atangonena kuti akale amasimba zoti pa nthawi ya chakudya kabokosiko ankakaika patebulo nkukapakulira mbale yake, kenako chakudyacho nkupatsa osauka, azibambo onse anatembenukira akazi awo. A Malume kufunsa a Zakhali kuti kodi inuyo mungandisunge chonchi? Yankho linali lakuti "mtima wanuwo ndi BP yakeyo ndiusunge pati, ndingosunga khadi ya ku banki." Tinaseka mpaka azungu awiri omwe amajambula pafupi anasuntha. Ndiye pali chosema cha mayiyu atafumbatira kabokosi pachifuwa, ndendende mmene a Msungichuma amagwirira kachitini ka zopereka. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo ndi Mai Devo ndipo sizisintha, mu miniti tilemba choncho.

Mkangano unabuka pa nkhani ya ufumu. Mfumu ya ku Scotland Alexander III itamwalira mu 1286, kenako mdzukulu wake wamng'ono Margaret wa ku Norway nkumwaliranso mu 1290, mpando unatsala wopanda mwini, anthu 13 nkuyamba kuulimbirana. Akuluakulu anali awiri. John Balliol, mwana wa Mai Devo, anati ine agogo anga aakazi ndi mwana woyamba wa David. Robert Bruce wamkulu anati mayi anga ndi wachiwiri inde, koma ine ndi mdzukulu weniweni wa David pomwe uyu ndi mdzukulutuvi chabe. Edward I wa ku England anaweruza mu 1292 kuti ufumu ndi wa Balliol.

Apa a Gogo athu a ku Dowa anawomba m'manja. Akuti mwaona, olo azungu ankadziwa kuti ufumu ndi wa kubele lalikulu, wa bele laling'ono adikire, ndipo onse awiriwo akuwerengera kuchikazi, nanga chikamwini mumachinyoza chija nchiyani? A Sekilitale akale, inu mukuwadziwa ndi a ku Mzimba, anakana kwamtuwagalu. Akuti ayi, anawerengera akazi chifukwa amuna anatha, pakanakhala mwana wamwamuna bwenzi nkhani ya bele isanamveke nkomwe. A Gogo akuti mwamuna ndi tambala, amangolira koma dzira si lake. A Sekilitale akuti nanga bwanji mwanayo ankatchedwa Balliol dzina la bambo? Anthu anagawikana pakatimpakati pamanda pomwepo, a ku Ntcheu osadziwa kolowera, mvula nkuyamba kuwaza koma palibe anasuntha.

Ndiye mwana uja anaponyapo mwala wina womwe unasokoneza mbali zonse. Mwana wamwamuna analipo, koma kwa bambo a Mai Devo, pa nkhani ya dziko la Galloway osati mpando wa Scotland. Alan anali ndi mwana wa kunja kwa banja dzina lake Thomas, ndipo Alan atamwalira mu 1234 anthu a ku Galloway ankafuna iyeyo kuti dziko lisagawidwe kwa ana aakazi atatu ndi amuna awo obwera. Anaukira mu 1235, mfumu Alexander II inawagonjetsa, dziko linagawidwa, Thomas nkukatsekeredwa ku Barnard Castle, kwa alamu ake, mpaka 1296. Zaka 60 abale. Ine apa ndi pomwe nkhani ya mtima wokoma inandiwawira mkamwa. Mtima wa mwamuna wakufa ukupakuliridwa patebulo, mlongo wako wa bambo mmodzi ali moyo wotsekeredwa mnyumba ya banja lako lomwe. A Gogo anangoti "nkhani za chuma chamasiye sizinayambe lero" nkumanga mpango. A Sekilitale anafuna kunena kuti apambana koma anakumbutsidwa kuti kwawonso mwana wosalowoledwa mayi ake sakhala pampando, anangotsegula ambulera.

Njala itafika povuta tinabwerera ku Dumfries nkugula nsomba zokazinga za fish and chips, 18, tchipisi tinati ayi tili ndi nsima yathu. Mtsikana wogulitsayo anafunsa kawiri ngati wamva bwino. Tinadyera mu minibasi mvula ili pwatapwata, nsima ndi nsomba ya mu batala, msuzi wake tomato sosi wa m'timapaketi, a Vaisi nkumati ikufanana ndi chambo, palibe anawayankha poti mlandu wawo unali usanathe. Tili mkudya mwana uja anatiuza kuti mtauni momwemo, mu tchalitchi cha Greyfriars chomwe pano kulibenso, ndi momwe Robert Bruce wamng'ono, mdzukulu wa woluza uja, anaphera John Comyn mu 1306, ndipo Comyn ameneyo anali mdzukulu wa Mai Devo, wobadwa kwa mwana wawo wamkazi Eleanor. A Gogo anati basi mwana iwe tidye kaye.

Zikomo a Dalaivala potifikitsa amoyo ngakhale raundabauti ina tinaizungulira katatu. Zikomo a komiti ya zakudya, misozi yanu tinaiona. Zikomo a Malume polipira nsomba ndi khadi ija a Zakhali akuti adzasunga, Mai Devo akubwezerani akawerengera. Zikomo mwana wathu, ulendo wa mawa udzatitsogolerenso koma nkhani za kuphana uzidikira titsuke m'manja.

Kula bokosi inapezeka madzulo ili pomwepo, wosamalira holo anailowetsa mu filiji. Nkhuku tinadya Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, omwe sanapite nawo ku ulendo ndi amene anadya zambiri. Amene anatenga chivindikiro cha poto wabuluu abweze, mwini wake akundivutitsa ine.