Masiku awiri ntchito yanga ili pa mzere

Pulogalamu yanga yowerengera kayendedwe ka madzi pansi pa nthaka imayendera MPI, njira yogawira chiwerengero chimodzi m'zigawo zoyenda pamodzi, choncho imafuna mapurosesa 64 onse pa nthawi imodzi. Sungaipatse 40 lero n'kudzawonjezera 24 mawa. Zigawo zake zimatumizirana mauthenga nthawi ndi nthawi, ndipo chimodzi chikasowa, zinzake zonse zimangoima.

Pa cluster yathu, gulu la makompyuta olumikizana omwe timagwiritsa ntchito anthu ambiri, wogawa makina ndi Slurm, pulogalamu yomwe inayambira ku Lawrence Livermore National Laboratory, malo ochitira kafukufuku ku America. Ndinalemba kafayilo kanga, ndinaikamo --nodes=1 (makina amodzi), --ntasks=64 (zigawo 64) ndi --time=48:00:00 (maola 48), n'kutumiza ndi sbatch, lamulo loikira ntchito pa mzere. Maola 48 amenewo ndinangowalemba poopa kuti ntchito ingadulidwe isanathe.

Nditayang'ana ndi squeue, lamulo loonetsa mzerewo, ndinapeza PD, kutanthauza kuti ikudikira. Kutacha, chimodzimodzi. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ntchito za anzanga, zotumizidwa pambuyo pa yanga, zinkalowa n'kutha ine ndikuona.

Mnzanga wina ndiye anandimasulira za backfill. Slurm amasungira malo ntchito yomwe ili patsogolo pa mzere, ndipo podikira kuti mapurosesa okwanira amasuke, ena amakhala opanda chochita. Mu mpata umenewo amalowetsamo ntchito zam'mbuyo, bola zithe nthawi yoyambira ya patsogolo ija isanakwane. Tsono Slurm sadziwa kuti ntchito yako itenga nthawi yaitali bwanji, amangokhulupirira zomwe walemba. Ya maola 48 sikanakwana mu mpata uliwonse. Komanso --nodes=1 ija inkafuna kuti mapurosesa onse 64 apezeke pa makina amodzi, zomwe sizichitikachitika anthu akachuluka.

Ndinaichotsa ndi scancel. Kenako ndinayendetsa kachigawo kochepa ka chiwerengerocho, ndinaona Elapsed yake (nthawi yomwe kanatenga) ndi sacct, lamulo loonetsa mbiri ya ntchito, n'kuyerekeza kuti yonse itenga maola atatu. Ndinalemba maola anayi, kusiyako kampata, chifukwa ikapitirira nthawi imaphedwa ndi TIMEOUT. Ndinachotsanso --nodes=1 kuti igawike pa makina angapo. Izi zimachedwetsako pang'ono popeza mauthenga amadutsa pa netiweki, koma kwa ine kuchedwa kwa mphindi zingapo kunali bwino kusiyana ndi tsiku lina lodikira.

Nditatumizanso, squeue --start inaonetsa kuti iyamba madzulo omwewo. Inayamba nthawiyo isanakwane n'komwe, ndipo patatha maola atatu ndi mphindi 10, sacct inalemba COMPLETED, kutanthauza kuti yatha bwinobwino.