Helios 44 yanga yafika pa infinity

Tsopano lenzi yanga ya kamera ya Helios 44 yasiliva ija yafika pa infinity, kutanthauza kuti ikuonetsa bwino zinthu zakutali kwambiri: ikujambula phiri la Ndirande mooneka bwino pa f/2 (itatseguka kwathunthu), ndili pakhonde. Chimwemwe chake n'chosaneneka, anzanga, chifukwa lenzi imeneyi yandisowetsa tulo.

Iyi ndi Helios yoyambirira ya ku fakitale ya KMZ ku Krasnogorsk, 58mm, yokhala ndi masamba 13 a aperture (kabowo kolowetsa kuwala), yomwe kapangidwe kake anatengera lenzi ya Biotar ya kampani ya Zeiss. Mazinga ake omangira ku kamera ndi a mtundu wa M39, ndipo vuto lonse lagona pamenepo. M39 zilipo ziwiri. Ya Leica imafuna kuti lenzi italikirane ndi sensa (pomwe chithunzi chimagwera m'kamera) mamilimita 28.8, pomwe ya makamera akale a Zenit imafuna 45.2. Ogulitsa ambiri pa intaneti amangolemba "M39" basi. Adapita (cholumikizira lenzi ku kamera) yomwe ndinaitanitsa inafika ili ya Leica: lenzi inalowa bwinobwino pa kamera yanga ya Sony, koma chithunzi chinali chifunga chokhachokha, kaya pafupi kaya patali.

Ndinapeza kamphete kosintha M39 kukhala M42 (mtundu wina wa mazinga), n'kukamanga pa adapita yanga ya M42. Zapafupi zinayamba kuoneka, koma zakutali ayi. M42 imafuna mamilimita 45.46 osati 45.2, ndiye kuti lenzi inkakhala kutsogolo mopitirira ndi 0.26. Kanthu kochepa chonchi! Koma pa lenzi ya 58mm, kusiyana kumeneko kumachititsa kuti fokasi ithere pa mamita ngati 13. Mtengo wa mango wa kuseri unkaoneka, phiri osaoneka. Kutseka aperture mpaka f/11 kumabisako vutoli, koma ndani amagula Helios kuti azijambulira pa f/11? Timaifunira bokeh yozungulira ija (kuchita chifunga kwa zakumbuyo pa chithunzi), ndipo imeneyo imatuluka ikakhala yotsegula.

Lenziyo sindinafune kuikhudza, choncho ndinaganiza zopala adapita kuti ichepe ndi 0.26 uja. Ndinamasula tizomangira titatu ta adapita, n'kuchotsa mphete yamkati ya mazinga. Ndinayala sandipepa wosalala pagalasi lathyathyathya, n'kumapala kunsi kwa mpheteyo mozungulirazungulira, kuyeza ndi kalipa (chida choyezera makulidwe), kupalanso. Galasi ndi lofunika, chifukwa mukapalira patebulo mbali imodzi imadyeka kwambiri ndipo ngodya imodzi ya chithunzi imafooka. Fumbi la aluminiyamu ndinalitsuka lonse ndisanayandikize adapita ku kamera.

Adapita imeneyi ndiyomwe ndinkajambulira ndi lenzi ya Super Takumar 50mm f/1.4 yomwe galasi lake linasanduka lachikasu chifukwa cha thorium (chinthu chomwe anasakaniza m'galasimo), ija ndinaiyanika padzuwa mpaka inayera. Tsopano yakhala ya Helios yokha, Takumar ndiifunira ina. Pali bambo wina wokonza mawotchi mumsika amene amasunga timasikuludiraiva tating'ono kwambiri, ndipo ndi yemwe amandithandiza pa zomangira zouma ndi dzimbiri.

Chatsala ndi girizi wa helicoid (mazinga amkati osinthira fokasi), yemwe wauma moti fokasi imalimba m'mawa kukazizira. Ndikufunanso lenzi ya Jupiter-9 85mm ya M39 yomweyi ya Zenit, ndipo zikatheka ndidzasemetse adapita yangayanga kwa a makina, yoyezedwa 45.2 ndendende.