Ndinadzoza galimoto, n'kutuwa mbuu

Komiti ya ukwati wa mlamu wanga itagwirizana kuti mkwatibwi adzakwere galimoto yanga, ndinadzichepetsa pakamwa pokha. "Aaa, kagalimoto kanga komweka?" Koma mumtimamu ng'oma inali italira kale. Ndi Toyota Premio yakuda, yochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndipo ngongole yake ndinali ndisanamalize kubweza. Galimoto yotereyi ikapeza mpata woonekera pamaso pa apongozi, suyimana.

Ukwati unali Loweruka, mwezi wa October. Anthu a ku Lilongwe akumudziwa October wa kuno: dzuwa loswa mtengo, fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano. Lachisanu ndinaweruka masana n'kudzera m'tauni kukagula chitini cha waksi. Wogulitsa anandiuza kuti muli carnauba, phula lochokera ku masamba a mtengo wina wonga mgwalangwa wa ku Brazil. Nditangomva kuti Brazil sindinafunsenso zambiri. Malangizo analipo kumbuyo kwa chitini, timalemba ting'onoting'ono ngati ta pa fomu ya ngongole, ndipo ndinawapatsa ulemu womwewo umene ndinapatsa fomuyo.

Nzeru ndinali nazo zangazanga. Ine ndinakulira kumudzi, kumene mwana wopita kutchalitchi amamudzoza mafuta mpaka chipumi chizithobwa m'maso. Mafuta ambiri, kuwala kwambiri. Komanso kusekondale tinkati tikapaka nsapato polishi, tinkaziyanika padzuwa kuti polishiyo alowe bwino. Ndinaphatikiza maphunziro awiriwa. Galimoto ndinaitulutsa pamthunzi wa mango n'kuyiimika pakati pa bwalo, 1 koloko masana. Ndinaipukuta mwachidule ndi nsanza yonyowa, poti madzi anali atasiya kutuluka m'mawa womwewo, kenaka n'kuyamba kumata. Sikunali kupaka kumene kuja, kunali kuzira nyumba. Boneti, denga, zitseko, buti, mapulasitiki akuda a m'mbali mwa mawindo, ngakhale a kunsi kwa bampala, zonse zinalandira gawo lake. Boneti inkatentha moti waksi ankauma kasiponji kasanafike kumapeto.

Mayi akunyumba anatuluka ndi beseni la zovala, n'kuima.

"Abambo, mukutani?"

"Izi n'za magalimoto, amayi. Inu konzani za duku lanu la mawa."

Sanayankhe. Anangoti "hmm" uja amene aliyense wokwatira amamudziwa, n'kupita kukayanika zovala.

Ndinalowa m'nyumba kukadya nsima ya usipa, ndipo poti waksi amafunika nthawi yoti alowe, ndinagonako pang'ono. Ndinadzidzimuka cha m'ma 3 koloko. Ndinatenga vesti yanga yakale, ija yobooka m'khwapa, n'kuyamba kupukuta boneti. Sizinasunthe. Ndinakanikiza ndi manja onse awiri, thukuta kamukamu, ndipo chimene chinatuluka pansipo si galimoto yakuda imene ndinkaidziwa. Inali yotuwa mbuu, mizeremizere yozungulira, penapake mitambo, penapake zigamba. Ukadziyang'anirapo unkaoneka ngati mzukwa uli mu nkhungu ya ku Dedza. Mapulasitiki aja anali atayera ngati awazidwa ufa woyera.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinaganiza kuti waksi wachepa, ndiye pa boneti ndinawonjezera wina.

Mayi aja anabweranso kudzanula zovala. Anaizungulira galimoto pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati wapolisi wa pamsewu amene wapeza kale cholakwa koma akufuna kusangalala kaye.

"Mwati mwaidzoza?"

"Sindinamalize."

"Ayi, n'kufunsa chabe. Chifukwa mwana akatuwa chonchi, anthu amanena mayi ake. Nanga galimoto anena ndani?"

Mawu anamveka kuseri kwa mpanda, ndipo pasanathe mphindi khumi pabwalo panali msonkhano. Galimoto ikadwala, m'dera lonse aliyense amasanduka dokotala. A neba a kumanja, amene sanakhalepo ndi njinga ndi imodzi yomwe, anati ndipake mankhwala otsukira mano. Mnyamata wa kabaza anati polishi wa pansi, wofiira uja, amawalitsa china chilichonse. Bambo wina wongodutsa anati nditsire mafuta a mabuleki. Mwamwayi ameneyu sindinamumvere. Ndinamva pambuyo pake kuti mafuta a mabuleki amadya penti, ndipo mkwatibwi akanakwera galimoto yosupuka. Amene ndinawamvera ndi a neba a kumanzere, mphunzitsi wopuma pantchito, poti ankayankhula modekha ngati munthu wodziwa. Anati mafuta ophikira.

Tinayesa pa buti. Abale anga, zinatheka! Kuda kunabwerera, kuwala kunabwerera, anthu anawomba m'manja. Kenaka minibasi inadutsa mumsewu wathu wafumbi uja, mphepo n'kutembenukira kwathu. Buti inasanduka chitumbuwa. Msonkhano unabalalika wokha, aliyense atakumbukira kuti wasiya kanthu pamoto.

Cha m'ma 5 koloko ndinameza malovu n'kupita kwa anyamata otsuka magalimoto pansi pa mitengo, pafupi ndi msika. Ndinadzera njira ya kuseri. Amene anandilandira ndi kamnyamata ka msinkhu wa mwana wanga woyamba, kovala nsapato za mphira zosiyana mitundu. Kanaiyang'ana galimoto, kanandiyang'ana ine, n'kuluma mlomo wa m'munsi.

"Madala, anakupangirani zimenezi ndani? Mukamugwiritse, ameneyu ndi mfiti."

"Ndi mnyamata wina wake," ndinatero. M'zikhadabo zanga zonse khumi munali waksi.

Anagwira denga ndi kuseri kwa dzanja n'kuchotsa msanga. Anati pa chitsulo chotentha chonchi, madzimadzi a mu waksi amauluka nthawi yomweyo, phula n'kuuma gwa lisanayalike bwino. Ndiye ukalimata lochindikala, umangopala la pamwamba, la pansi n'kumatsala ngati chifunga. Chimene chimagwira penti ndi kagawo kopyapyala kosaoneka ndi maso. China chonsecho ndi ntchito yongodzipatsa. Anati nyengo ya mvula zimachitikanso mwa mtundu wina: kukakhala chinyontho waksi amachedwa kuuma, ukapukuta msanga amangopakika, n'kudzachita nkhungu pambuyo pake. Vesti yanga anainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anati nsalu yotere, ikakumana ndi fumbi lomwe sindinatsuke lija, imasiya timikwingwirima tozungulira, ndipo pa galimoto yakuda timaoneka tonse.

"Koma penti sanafe?" Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono.

"Tiona pompano."

Anatenga kabotolo kopopera, momwe anati muli sipiriti woyera wa ku famase wosungunula ndi madzi. Anapopera kamalo kofanana ndi chikhatho pa boneti, n'kupukuta ndi kansalu kofewa ka microfibre. Panatuluka kadziwe kakuda bii, ine n'kuona nkhope yanga ya manyazi bwinobwino. Anati zikatere ndiye kuti vuto ndi waksi basi. Anayesanso pa denga, chakumbuyo. Pamenepo chifunga sichinachoke. Anapoperanso, osachoka.

"Apa si waksi, madala. Ndi vanishi wa pamwamba pa penti, wapsa ndi dzuwa. Zinayamba kalekale izi, kungoti inu padenga simuyang'anapo. Pakufunika makina opolishira, zikakanika n'kupoperanso penti."

Ndinapita kukachotsa matenda amodzi, n'kuuzidwa kuti ndili ndi awiri.

Anadikira kuti chitsulo chizizire, kenaka anaitsuka kawiri ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Anandichenjeza kuti sopo ameneyu si wotsukira galimoto masiku onse chifukwa amachotsa waksi, koma tsiku limenelo kuchotsa waksiyo ndi kumene tinkafuna. Buti yokha inatsukidwa katatu. Atafika pa mapulasitiki oyera aja anandituma ku okala kukagula kabotolo ka chiponde. Ndinkayesa ali ndi njala, ndipo ndinamugulira ndi mabanzi awiri. Mabanziwo anadya, koma chiponde anachipaka pa mapulasitiki n'kumakwecha ndi mswachi wakale. Anati mafuta a mtedza amafewetsa phula lolowa m'timaenje ta pulasitiki. Ndinaima pamenepo, bambo wa ana atatu, ndikuunikira ndi tochi ya foni mnyamata akudyetsa galimoto yanga chiponde.

Loweruka ndinadzuka 5 koloko. Pamthunzi wa mango, chitsulo chili chozizira, ndinachita monga anandiphunzitsira: kasiponji kungokhudza waksi pang'ono, chitseko chimodzi, kudikira mphindi zochepa, kudutsitsa chala. Chala chikasiya mzere wowala bwino, pukuta. Chikasiya zonona, dikira. Ndikamaliza, chitseko china. Galimoto yonse inadya waksi wosakwana masupuni awiri, pamene dzulo lake ndinali nditamaliza chitini kupitirira theka. Pachigamba cha padenga mayi aja anamangapo maluwa ndi maliboni, ndipo sananene kanthu, zomwe zinandiwawa kuposa akananena.

Kutchalitchi inawala, osanama. Ndinaiimika pansi pa mtengo, ine chapatali pang'ono, makiyi ndikuwazunguza pachala. Mapemphero anatenga maola awiri ndi theka. Akwati atatuluka, nthungululu zili pakamwa, ndinathamanga kukatsegula chitseko chakumbuyo, ndipo ndi pomwe ndinaona. Mdima wa dzulo uja, chiponde china chinatsalira m'mphepete mwa mawindo ndi kunsi kwa bampala. Nyerere za pa mishoni yonse zinali zitamva uthenga. Zinapanga mizere iwiri yolongosoka, wokwera ndi wotsika, kuchokera pa tayala mpaka pa chitseko cha mkwatibwi. Ndinayamba kuzikuntha ndi mpango wa m'thumba la jekete ndikumwetulira anthu.

Apongozi aakazi anafika pafupi, ananunkhiza mpweya kawiri, n'kundiyang'ana mwaulemu wonse.

"Apongozi, galimoto yawala bwino, zikomo kwambiri. Koma mwanyamulamo ndiwo zotendera?"

Zithunzi za ukwati zinabwera patatha masabata awiri. Pa chithunzi chachikulu, chimene anachiika m'felemu pabalaza kwa apongozi, akwati aimirira kutsogolo kwa Premio yonyezimira. Kumanzere kwake, m'munsi, kukuoneka galu wa pa mishoni, maso ali chotseka, akunyambita bampala.