Anditenga ku Wits!

Abale anga a pa Joni pano, kondwerani nane: anditenga ku yunivesite ya Wits kukachita masters ya Educational Psychology, maphunziro a kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka ana! Ulendo ukadalipo, kuli internship (kugwira ntchito moyang'aniridwa) ndi mayeso a HPCSA, bungwe lovomereza ogwira ntchito zaumoyo kuno, ndisanayambe kuona ana pandekha, koma mtima wanga wakhala m'malo.

Anandilowetsa m'njira imeneyi ndi mwana wa achemwali anga ku Rosettenville. Ali ndi zaka 4, sayankhula, ukamuitana dzina sacheuka. Amakhala pansi n'kumandandalika zitsekerero za mabotolo mzere umodzi, matakisi akaliza hutala amatseka makutu n'kuyamba kulira. Anthu ankati analodzedwa, achemwali ankangolira usiku. Ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu, ndipo chiyambireni kulandira thandizo wayamba kuloza kapu akafuna madzi.

Amayi anzanga, mwana akachedwa kuyankhula musamubise m'nyumba. Pitani naye kukiliniki, akamuyeze ndi makutu omwe.