Thalauzi la pa chingwe

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuifalitsa nkhaniyi pa WhatsApp, akuithira mchere ndi tsabola, ndati ndiinene ndekha. Inde, ndine ndinalendewera pa njinga pabalaza pa apongozi. Koma mumve kaye mbali yanga.

Adokotala anawauza apongozi aamuna kuti shuga ndi mawondo awo zikufuna kupalasa njinga, koma ya m'nyumba, poti mumsewu maso ayamba kuwanamiza. Ine, mkamwini wofuna dzina, ndinadumphira: ndigula ndine. Amene mumawadziwa madalawa mukudziwa kuti ndi mlongoti. Zaka 71, msinkhu mamita 1.93, pakhomo la nyumba yawo yomwe amalowa chowerama. Ine ndi 1.62, nsapato zili kuphazi.

Musandiyese mbuli, ndinafufuza ndithu. Njinga zoterezi suyang'ana msinkhu wokha, umayeza mwendo. Munthu aime chotsamira khoma opanda nsapato, apane buku m'mphechepeche, iwe uyeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Tsono ndiuzeni abale, ine amene sindinadyepo nawo mbale imodzi chikwatirire, ndigwade ndi tepi ya telala pamenepo? Akuluakulu anati m'mphechepeche mwa njovu sapita kawiri. Mwa apongozi sapitamo n'kamodzi komwe.

Ndiye ndinazembera kuseri. Pa chingwe panali thalauzi lakuda la suti, lolemekezeka ndithu. Ndinaliyeza mwachangu ngati wakuba nkhuku: masentimita 76. Mtima unati lafupika, koma mutu unati mwina lachita kufota pochapa.

Ku Limbe wogulitsa anandionetsa kaye ija ya mpando wotsamira, imene mpando wake umatsetsereka pa kanjanji mpaka miyendo itambasuke. Anati ndiyo yabwino kwa achikulire chifukwa msana umapuma, kukwera kwakenso sikufuna kuponya mwendo m'mwamba. Atatchula mtengo, ndinayamba kuiona zilema. Ndinasankha kakang'ono kopinda ngati sizasi. Ndinakakwera, kanandikwana ngati anachita kundisokera, ndipo nambala yanga ya 76 inagwirizana nako. Kuti njinga yokwana ine singakwane mlongoti, zimenezo zinandibwerera m'mutu pambuyo pake.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, banja lonse linasonkhana. Apongozi anavula jekete, anakwera, anaponda pedulo. Bondo linagunda handulo, go! Linzake, go! Mawondo amafika pafupi ndi makutu, ngati chiwala chikufuna kudumpha.

"Akamwini, kodi iyi ndi yanga kapena ya mdzukulu wanga?"

"Ayi bambo, chishalo chimakwera ichi."

Lamulo lake ndi loti munthu akaima pambali pa njinga, chishalo chifike m'chiuno, ndipo pedulo ikakhala pansi penipeni bondo lingopindika pang'ono. Ndinasolola kapini, ndinakweza mpaka bowo lomaliza. Chishalo chinangofika pantchafu. Pa chitsulocho pali mzere wochenjeza kuti usapitirire apa. Ndinauona. Ndinaupitirira. Bowo kunalibenso, ndiye ndinangomanga chomangira mwamphamvu, ndi kunena mokweza kuti ndiyese kaye ndine, bambo angavulale. Onani mtima umenewo. Mlamu wanga sautchula n'komwe.

Ndinakwera poponda pa kampando, mwana wina n'kukachotsa. Nditakhala pamwamba paja ndinapeza kuti mapedulo ali kutali ngati kwathu ku Ntcheu. Miyendo ili lendelende, zala zikufufuza mumlengalenga. Kutsika sindingathe, kupalasa sindingathe. Ndinamwetulira.

Kenaka chishalo chinayamba kutsika. Chikanangogwa kamodzi bwenzi zili bwino, munthu umadzuka n'kusasa fumbi. Ayi, chinkatsika pang'onopang'ono, chikulira kwiii, ngati mbendera madzulo. Nthawi yomweyo apongozi aakazi analowa ndi thireyi ya tiyi. Poyamba ndinkawaona pamwamba pa duku. Kwiii. Tinayang'anana maso ndi maso, ine ndi mayi amene tikakumana pa njira ndimapatukira kutchire. Kwiii. Ndinafika pa mulingo wa makapu. Posowa chonena ndinawomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Mwaswera bwanji mayi?" Iwo anayankha kuti aswera bwino kaya ine. Ndinali ndikutsikabe. Ndikhulupirira kuti tiyi uja anazizira ndisanafike pansi. Pomaliza chinamenya khu! mpaka mano anagundana, ndipo ndinatulutsa liwu limene sindinaliyembekezere kwa bambo wa ana atatu.

Apo mpamene mlamu wanga, wa Fomu 3, anatulukira ndi foni m'manja, atavala thalauzi lakuda la suti lija.

Madzulo ake mayi a kunyumba anatenga tepi, anawapatsa bambo awo buku la nyimbo, apongozi aakazi n'kuyeza. Mphindi imodzi sinakwane: masentimita 92. Palibe anandiuzapo kuti ntchitoyo ungathe kutuma munthu.

Kusitolo anakana kuilandira, akuti chitsulo ndachikanda. Pano ndikusonkhanitsa ndalama za ya mpando wotsamira ija, apongozi akungoyenda wapansi m'mawa uliwonse mpaka kumsika. Kanjinga kali kuchipinda kwathu. Kamandikwana bwino kwambiri, kungoti pa handulo payanikidwa matawulo.