Sabata yachisanu: kamita ka mawati kayamba kutsutsa tebulo langa

Lachiwiri ndafufuta theka la zimene ndakhala ndikulemba kwa masabata anayi m'tebulo langa loyerekeza mapurosesa a makompyuta atatu, ndipo wolakwa ndi ine ndemwe. RAM ya mu kompyuta yanga ndi DDR4-3200, koma nthawi yonseyi yakhala ikuyenda pa 2133. Mwezi watha ndinasintha kabatire ka pa motherboard, BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yosunga masetingi) n'kubwerera momwe inachokera ku fakitale, XMP (setingi yothamangitsa RAM pa liwiro lake lonse) n'kuzima, ine osadziwa. Ndinazindikira mwangozi nditatsegula pulogalamu ya CPU-Z kuti ndione zina: pamalo poyenera kulembedwa 1600 MHz panali 1066 (iyo imaonetsa theka la nambala ya RAM). Ndinangoti kukamwa yasa. Pa purosesa yanga ya AMD, Ryzen 5 3600, nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa Infinity Fabric, njira imene zigawo za purosesayi zimalankhulirana, imayendera limodzi ndi liwiro la RAM. RAM ikafooka, purosesa nayo imakoka miyendo. Choncho mayeso onse a makina anga ndayambiranso.

Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira, makina amene ndikuyerekeza ndi atatu. Yanga ndi Ryzen 5 3600 ija ya mu 2019, ma core 6 (zigawo za purosesa zogwira ntchito payokhapayokha), pa motherboard ya B450. Yachiwiri ndi ya alamu anga, Intel Core i5-12400F ya kumayambiriro kwa 2022, nayonso ma core 6. Yachitatu ndi chilombo cha mnzanga wina wokonza mavidiyo, Ryzen 9 7950X ya ma core 16, imene amandilola kuigwira Loweruka lokha. Ntchito yoyesera ndi imodzimodzi: Cinebench R23 (pulogalamu yopatsa purosesa malikisi) kwa mphindi 10, kufinya vidiyo imodzi mu HandBrake, ndi mayeso a 7-Zip. Chimene ndikufuna n'chakuti ndidziwe ngati ndigule purosesa ina yolowa pa motherboard yanga yomweyi, kapena ndisamuke ndi zonse.

Chatsopano sabata ino ndi kamita kamene umakalowetsa pa soketi ya pakhoma, kenako pulagi ya kompyuta n'kulowa pa iko. Kale ndinkangodalira pulogalamu ya HWiNFO, imene imaonetsa mawati a purosesa yokha. Kamitaka kamawerenga zonse: purosesa, khadi la zithunzi, mafani, ngakhale magetsi amene PSU (bokosi lopereka magetsi mu kompyuta) imataya ngati kutentha. Tsopano ndikulemba manambala onse awiri m'mizere yoyandikana.

Poyamba m'tebulo langa munali mzere wa TDP, ndipo ndinkauwerenga ngati mawati amene purosesa imadya. Si choncho. TDP ndi nambala yothandiza posankha choziziritsira, osati malire a magetsi. Kwa AMD malire enieni amatchedwa PPT, ndipo kawirikawiri amakhala TDP kuchulukitsa ndi 1.35. Ndiye kuti ya 65 W imaloledwa kufika 88 W, ya 105 W imafika 142 W, ndipo 7950X, yolembedwa 170 W pabokosi, imaloledwa 230 W. Intel kuyambira m'badwo wa 12 imalemba manambala awiri poyera. Pa 12400F alemba 65 W ndi 117 W. Pa Core i9-13900K alemba 125 W ndi 253 W. Munthu ukangotenga nambala yaing'onoyo n'kumayerekeza, ukuyerekeza zinthu zosiyana. Komanso opanga ma motherboard ena amamasula malirewa okha mu BIOS, moti purosesa imodzimodzi ikhoza kudya mosiyana pa ma motherboard awiri. Mzere wa TDP ndausiya, koma ndaupaka mtundu wotuwa kuti usamandinyengenso.

Loweruka ndinapita kwa mnzangayo nditatenga kamita m'thumba. Titayatsa Cinebench, sipanathe nthawi kutentha kunali pa 95 °C, mafani a pa choziziritsira chake cha madzi akulira ngati njuchi zolusa. Iye anadzuka pampando.

"Aise, zimitsa! Undiwotchera makina odyera."

Ndinamuuza kuti akhale pansi. Mapurosesa a Ryzen 7000 anawapanga dala kuti azikwera mpaka 95 °C ntchito ikakula, n'kumadzikankha malinga ndi mmene choziziritsira chikulolera. Sanakhulupirire kwenikweni, koma anakhala, maso ali pa nambala ija mphindi 10 zonse.

Kenako tinalowa mu BIOS n'kuyatsa Eco Mode ya 105 W, kutanthauza malire a 142 W m'malo mwa 230 W. Titayesanso, m'chipinda munangoti zii. Mafani anatsika, kamita kanatsika kwambiri, koma malikisi a Cinebench anangotsika pang'ono, pang'ono moti pa HandBrake mnzangayo anati sakanazindikira akanapanda kuuzidwa. Apa ndi pamene nkhani yonseyi inandikomera. Magetsi amene purosesa imadya amakwera molingana ndi liwiro, koma amakweranso molingana ndi mavoti kuchulukitsa ndi mavoti omwewo. Kuti upeze ma MHz 200 kapena 300 otsiriza aja, umayenera kukwezanso mavoti, ndipo mawati amangothamanga. Liwiro loyamba n'lotchipa, lotsiriza n'lodula koopsa. Makampani onse awiri amakankhira mapurosesa awo akuluakulu kumapeto odulawo chifukwa akulimbirana kukhala pamwamba pa matebulo a oyesa. Fupa lokakamiza lija. Mnzangayo wasiya Eco Mode ili choyaka mpaka lero, ndipo akuti usiku akumagona vidiyo ikuphikidwa m'chipinda chomwecho.

Pobwerera ndinazindikira kuti ngakhale mawati enieniwo sakukwanira. Funso labwino ndi lakuti ntchito imodzi yatha ndi magetsi ochuluka bwanji. Tiyerekeze purosesa yodya 230 W yamaliza vidiyo m'mphindi 10: yadya pafupifupi 38 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola). Ina yodya 88 W yatenga mphindi 30 pa vidiyo yomweyo: yadya 44 Wh. Yooneka yosusuka ija ndiye yasunga magetsi, chifukwa yathamanga n'kukapuma msanga. Pa makina atatuwa, 7950X ili pa Eco Mode ndiyo inamaliza HandBrake ndi magetsi ochepa kuposa zinzake, ndipo 3600 yanga, imene ndinkaiyamikira kuti ndi yodziletsa, inali kumchira. Ma core ambiri oyenda mofatsa aposa ma core ochepa othamanga ndi mtima wonse. Zinandiwawa pang'ono, koma ndalemba momwemo.

Komabe ine sindikonza mavidiyo tsiku lililonse. Kompyuta yanga nthawi zambiri imakhala ikungodikira ine: kulemba, kuwerenga pa intaneti, nyimbo zikulira, madzulo masewera pang'ono. Ndiye ndinayesanso makinawa atangokhala osachita kanthu. Apa HWiNFO inaonetsa 12400F ikutsika pansi kwambiri kuposa ma Ryzen awiriwa. Chifukwa chake n'chomveka. Mu 12400F zonse zili pa kachidutswa kamodzi ka silikoni, pomwe 3600 ndi 7950X ndi zolumikiza tizidutswa tingapo, ndipo kachidutswa kolankhula ndi RAM komanso PCIe (njira ya makadi ngati la zithunzi) sikagona tulo tofa nato. Ndinatenga pepala. Tinene kuti kusiyana ndi 20 W, maola 8 patsiku, chaka chathunthu: mayuniti 58 ndi kanthu. Pomwe kusiyana kwa 140 W pa ntchito yolemera ya ola limodzi pa sabata ndi mayuniti 7 okha pachaka. Kwa munthu ngati ine, nambala imene matebulo ambiri saionetsa n'komwe ndiyo ikulamulira. Kwa mnzanga uja, zinthu n'zotembenuka.

Alamu anga nditawaonetsa zimenezi anangoseka. "Ndiye mwavutika mwezi wonse, alamu, kuti mundiuze kuti ndinagula bwino?" Ndinavomera. Pa ma core 6 okhaokha, yawo ikuposa yanga pa mayeso a core imodzi moonekeratu, ndipo kutsegula mapulogalamu kumamveka kupepuka.

Za mtengo ndilemba mwachidule, popeza umasinthasintha. Ine ndikugwiritsa ntchito mitengo imene AMD inalengeza potulutsa. Ryzen 5 3600 inatuluka pa madola 199, 7950X pa 699 yopanda choziziritsira. Zimene ndikuziganizira ndi ziwiri. Ryzen 5 7600 inatuluka mu Januwale 2023 pa madola 229, ili ndi kafani kake m'bokosi. Ryzen 7 5700X3D inatuluka chaka chotsatira pa 249. Ukangoona choncho, 7600 ndi yotchipa komanso yatsopano. Koma 7600 ndi ya soketi ya AM5, imene imafuna motherboard ina ndi DDR5 basi, ndiye RAM yanga ya DDR4 ikhala yongoyang'ana. Ya 5700X3D ikulowa pa soketi yanga ya AM4 yomweyi ndikangokonzanso BIOS, ngakhale ndiyenera kuigulira choziziritsira chabwino popeza ndi ya 105 W ndipo sibwera nacho. Mzere wa mtengo ndaugawa pawiri: wa purosesa yokha, ndi wa zonse zofunika kuti kompyuta iyake. Wachiwiriwo ndi umene thumba limaumva.

Mtima wanga ukupendekera ku 5700X3D, ndipo chikundikoka ndi cache, kamemori kothamanga ka m'kati mwa purosesa. Ili ndi 96 MB ya cache ya L3, poyerekeza ndi 32 MB ya 3600 yanga. Pa ma Ryzen, AMD inayamba zimenezi ndi 5800X3D mu 2022, posanjika kachidutswa ka 64 MB pamwamba pa kachidutswa kokhala ndi ma core. Masewera ambiri amafunafuna zinthu zomwezomwezo mobwerezabwereza, ndiye zikakhala pafupi purosesa sipita kukazitenga kutali ku RAM. N'chifukwa chake purosesa yongofika 4.1 GHz imatha kuposa zina za ma GHz okwera pa masewera, osadya magetsi ambiri. Pa Cinebench cache imeneyi sithandiza kwenikweni, moti tebulo langa momwe lilili panopa likhoza kuinyoza popanda chifukwa. Kuipa kwake ndikukudziwa: ndikaigula, AM4 yanga yafika pamapeto, pomwe AMD inanena kuti AM5 ipitirira mpaka 2027 kapena kupitirira apo. Sindinagamule.

Sabata ya mawa ndikufuna kuwonjezera mayeso a masewera awiri, ndikuyang'ana kwambiri mafelemu (zithunzi zooneka pa sekondi) otsikitsitsa osati apakatikati okha, chifukwa kudodoma ndi kumene diso limaona. Ndiyesanso kutsitsa PPT ya 3600 yanga kuchoka pa 88 W kupita pa 75, kenako 60, kuti ndione pamene iyambire kufooka moonekera. Pepala lolembedwa kuti "XMP yayaka?" ndalimata kale pansi pa sikirini.