Kodi Chingakugonjetseni N'chiyani?

Anthu akamatsutsana za sayansi, filosofi (maphunziro oganizira mozama za moyo, nzeru ndi choonadi) ndi chipembedzo, kawirikawiri amalimbana n'kufuna kudziwa chimene chimanena zoona mwa zitatuzi. Ine ndimaona kuti kusiyana kwake kumaonekera bwino tikafunsa kuti chilichonse chimavomera kuti chalakwa pakachitika chiyani.

Sayansi imayankha mosapita m'mbali. Pa 29 Meyi 1919 kunachitika kadamsana, ndipo Arthur Eddington, katswiri wa zakuthambo wa ku England, anali pachilumba cha Principe, kumadzulo kwa Africa, kuti ajambule nyenyezi zooneka pafupi ndi dzuwa lophimbikalo, pakuti wasayansi Albert Einstein anali atanena kuti mphamvu yokoka ya dzuwa imakhotetsa kuwala, moti nyenyezizo ziyenera kuoneka zitasuntha pang'ono. M'mawa wa tsikulo kunagwa mvula ndipo mitambo inawononga zithunzi zambiri, koma zochepa zimene zinatuluka bwino, pamodzi ndi za gulu lina lomwe linali ku Sobral m'dziko la Brazil, zinasonyeza kusunthako. Kukanapanda kuoneka, mfundo ya Einstein ikanagwera pomwepo. N'chifukwa chake katswiri wa filosofi Karl Popper ankati mfundo imakhala ya sayansi ngati umboni ungathe kuigwetsa.

Filosofi siigonja ndi chithunzi koma ndi mfundo inzake yolimba kuposa. M'zaka za m'ma 1700, katswiri wa filosofi David Hume anafunsa chifukwa chimene timadalira kuti zimene zakhala zikuchitika zidzachitikanso mawa, n'kuona kuti yankho loti "zakhala choncho nthawi zonse" likungobwereza chinthu chomwe chikufunsidwacho. Sayansi yonse yatsamira pa kudalira kumeneku, chikhalirecho palibe chipangizo choyezera chimene chingakutsimikizire.

Chipembedzo nacho sichidikira kadamsana, chifukwa chimayankha munthu wofunsa chimene akukhalira ndi moyo komanso mmene angapiririre imfa ya mwana wake. Vuto limabwera chikayamba kuweruza nkhani zofunika kuyeza. Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium amene mu 1927 anasonyeza ndi masamu kuti chilengedwe chikufutukuka, ankazindikira bwino zimenezi. Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti sayansi yachitira umboni nkhani ya kulenga, Lemaître sanasangalale, pakuti kwa iye mfundo yakeyo sinkatsimikiza kapena kutsutsa za Mlengi. Ndikuganiza kuti wansembeyo ndiye anaona patali, makamaka tikakumbukira kuti mpingo wake womwewo unaweruza wasayansi Galileo mu 1633 chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo Papa John Paul II anadzavomereza poyera kulakwitsa kwa oweruzawo mu 1992.